Kapensulo ndi Lamba wa Injini

Panali mtsikana wina wokonda kujambula. Kunyumba ankamutcha Kapensulo. Ankajambula pa pepala. Ankajambula pa dothi. Tsiku lina anajambula pa khoma, koma nkhani imeneyo tisaikumbe.

Kapensulo anali ndi khumbo limodzi. Ankafuna kuona mng'ono wake. Mwanayo anali atabadwa dzana. Anali kuchipatala ndi Amayi. Kapensulo anali asanamuone ngakhale chala.

M'mawa foni ya Abambo inalira. Anali Amayi. Anati adokotala awatulutsa lero. Anati Abambo akawatenge thuu koloko masana.

Kapensulo anavina pakhonde. Kenako anavala nsapato. Nthawi inali isanakwane, koma nsapato anavala basi.

Abambo analiza galimoto kuti aiyese. Galimoto inati kwiii, kwiii, kwiii. Galu wa aneba anathawa. Kapensulo anatseka makutu.

"Ikulira chiyani, Abambo?" anafunsa.

"Ndi lamba wa injini," anatero Abambo. "Watha."

Abambo anafotokoza bwinobwino. Anati lamba ndiye amazungulitsa mawilo a mu injini. Anati akaduka panjira, galimoto imaima. Lamba watsopano anali naye kale. Anali pa msomali, kuseri kwa chitseko. Anakhala pamenepo mwezi wathunthu. Tsiku lililonse Abambo ankati amuika mawa. Mawa la Abambo limachedwa kufika.

"Lero timuika," anatero Abambo. "Khanda silingakwere galimoto yolira chonchi."

Abambo anazimitsa injini. Anazula kiyi. Anapatsa Kapensulo kuti asunge. Anati injini siyenera kulira manja ali m'kati. Kenako anatsegula boneti. Anati adikire kaye injini izizire.

Kapensulo anakwera pa kireti. Anasuzumira m'kati. Anaona mawilo. Anawawerenga ndi chala cha m'mwamba, osakhudza. Analipo asanu. Lamba anali atawazungulira, uku ndi uku.

Pomwepo Kapensulo anakumbukira kanthu. Analibe mphatso ya mng'ono wake. Anathamanga kukatenga pepala loyera ndi pensulo.

Anajambula wilo lalikulu la pansi. Analiika ndevu. Amenewo anali Abambo. Anajambula wilo la pamwamba. Analiika ndolo. Amenewo anali Amayi. Anajambula wilo la m'mbali. Analiika pakamwa papakulu. Amenewo anali Amalume. Anajambula lina locheperapo. Ameneyo anali iye mwini.

Panatsala kawilo kamodzi. Kanali kakang'ono. Kanali kosalala. Kapensulo anakaika timaso totsinzina. Ameneyo anali mng'ono wake.

Pomaliza anajambula lamba. Maso pa injini, maso pa pepala. Maso pa injini, maso pa pepala. Lamba akakhota, pensulo nayo inkakhota. Atamaliza, anabisa pepala m'buku kuti lisade.

Pageti panamveka mluzu. Anali Amalume, alongo awo a Amayi. Amalume anali asanasinthepo lamba chibadwire. Koma Amalume sasowa chonena.

"Zosavuta izi, alamu," anatero, akupinda malaya.

Injini inali itazizira. Abambo anatulutsa foni. Ankafuna kujambula mmene lamba wadutsira. Amalume anaseka mpaka kugwira m'chiuno.

"Mawilo asanu okha mpaka foni, alamu? Nanga mituyi ndi ya ntchito yanji?"

Abambo anachita manyazi. Anabweza foni m'thumba.

Abambo anatenga sipanala. Anaikoleka pa kawilo kakang'ono. Anakankha, kawilo kanasendera. Lamba anafooka. Amalume anamukoka, ndipo anatuluka. Anali wong'alukang'aluka ngati chidendene cha m'chilimwe.

"Mwaona?" anatero Amalume. "Zosavuta."

Tsopano anatenga lamba watsopano. Anayambira pansi. Anakoleka wilo loyamba. Anakoleka lachiwiri. Anakoleka onse asanu. Onse analowa m'kati mwa lamba. Abambo anasiya sipanala. Lamba anangoti lende.

Abambo anakanda mutu. Amalume anakanda mutu.

"Tiyambire pamwamba," anatero Amalume.

Anayambira pamwamba. Anakoleka onse asanu. Lamba anangoti lende.

"Tiyambire m'mbali," anatero Abambo.

Anayambira m'mbali. Lamba anangoti lende.

Amalume anati lamba watalika. Anati amupinde pakati. Anamupinda. Anakoka. Anakokanso. Tsopano lamba sanafike pa wilo lomaliza. Amalume anati lamba wafupika.

Kapensulo mutu unaima. Lamba anali yemweyo. Poyamba anali wamtali. Tsopano anali wamfupi. Kodi lamba amakula? Kodi lamba amachepa? Anafuna kufunsa, koma nkhope za akulu sizinali zofunsika.

Amalume anati a kusitolo analakwitsa. Anati anawapatsa lamba wa galimoto ina. Abambo anatola lamba wakale. Anawagundanitsa awiriwo. Anali ofanana.

"Ndiye tibwezere wakale yemweyo," anatero Abambo. "Bola tikafike."

Anabwezera wakale. Anakoleka mawilo onse asanu. Wakale nayenso anangoti lende.

Apa onse anangoti kakasi. Lamba ameneyu anali wothina m'mawa womwewu. Anali atakhala mu injini zaka zambiri. Tsopano ankakana kwawo.

Amalume anasuzumira pansi pa galimoto. Anati mwina wilo lina lagwa. Panalibe wilo. Anawerenga mawilo. Anapeza asanu ndi limodzi. Anawerenganso. Anapeza anayi. Kenako anapempha mpeni. Anati adule lamba, amange mfundo. Abambo anatola mpeni n'kuubisa kumbuyo.

Amati mutu umodzi susenza denga. Apa mitu inalipo iwiri, koma denga linali pansi.

Dzuwa linafika pamutu. Thukuta linali kamukamu. Manja a Abambo anada bii. Mphuno ya Amalume nayo inada bii.

Foni inaliranso. Manja a Abambo anali akuda. Choncho Kapensulo ndiye anawagwirira foni pakhutu.

"Mwanyamuka?" anafunsa Amayi.

"Tatsala pang'ono," anayankha Abambo.

Kapensulo anayang'ana injini. Anayang'ana malamba awiri ali pansi. Sanatsale pang'ono ayi. Kenako anamva timawu mu foni. Tinali tating'ono kwambiri. Tinkati ng'ee, ng'ee. Anali mng'ono wake.

Kapensulo anamva chisoni. Misozi inalengeza m'maso. Anakakhala kuseri kwa galimoto. Anavula nsapato imodzi. Nanga nsapato n'zachiyani, ulendo palibe?

Anatsegula buku. Anayang'ana chithunzi chake. Abambo anali m'kati mwa lamba. Amayi anali m'kati. Amalume anali m'kati. Iye anali m'kati. Koma mng'ono wake sanali m'kati. Anali kunja. Anali atatsamira kumsana kwa lamba.

Kapensulo anadabwa. Anakwera pa kireti. Anaona akulu akuyesanso. Kawilo anali atakaika m'kati.

Anayang'ana pepala. Kunja. Anayang'ana injini. M'kati. Anayang'ananso pepala. Kunja.

Ndani walakwitsa? Akulu ndi awiri. Iye ndi mmodzi. Mwina pensulo inasochera. Koma ayi. Lamba akakhota, pensulo nayo inkakhota. Zimenezo ankazikumbukira bwino.

"Abambo," anaitana motsitsa.

"Dikira kaye, mwana wa mlongo wanga," anatero Amalume. "Akulu akuganiza."

Kapensulo anadikira. Akulu anaganiza. Lamba anangoti lende.

Kapensulo anayang'ana pepala lake. Linali loyera mbee. Anayang'ana manja a Abambo. Anali akuda bii. Pepalali linali mphatso. Akalipereka, lida. Akapanda kulipereka, Amayi adikira mpaka liti?

Anapuma mpweya waukulu. Anakoka Abambo thalauza.

"Abambo, taonani. Ndinajambula lamba musanamuchotse."

Abambo analandira pepala. Chala chawo chinasiya chidindo chakuda. Analiyang'ana. Anapendeka mutu. Anati sakuonapo kanthu.

"Mwalizondotsa," anatero Kapensulo. "Ndevu zanu zili kumwamba."

Abambo analitembenuza. Chidindo chachiwiri.

Amalume analigwira nawonso. Chidindo chachitatu.

"Wapakamwa papakuluyu ndani?" anafunsa.

"Ndinu, Amalume."

Abambo anatsokomola. Sichinali chifuwa ayi.

Kapensulo analoza ndi pensulo. Analoza mawilo anayi a m'kati. Kenako analoza kawilo.

"Uyu ndi khanda," anatero. "Salowa m'kati. Lamba amamubereka kumsana."

Abambo anasuzumira mu injini. Anasisita mawilo anayi aja. Anali ndi mizere. Anasisita mimba ya lamba. Inali ndi mizere. Anasisita kawilo. Kanali kosalala. Anasisita msana wa lamba. Unali wosalala.

"Zoonadi," anatero Abambo. "Mizere ku mizere. Kosalala ku msana."

Tsopano Kapensulo anaimirira pa kireti. Anagwira pepala m'mwamba. Iye ndiye ankanena njira.

"Yambirani kwa Abambo. Kwerani kwa Amayi. Khotani kwa Amalume. Tsikirani kwa ine."

Abambo anakankha sipanala. Kawilo kanasendera. Amalume anadutsitsa msana wa lamba pa kawilo. Abambo anasiya sipanala pang'onopang'ono. Kawilo kanabwerera. Kanakankha lamba. Lamba anathina nga, nga, nga.

Abambo anamudina ndi chala. Sanati lende. Anayang'ana wilo lililonse. Mizere yonse inali m'malo mwake.

"Inetu ndimaganiza zomwezo," anatero Amalume.



Abambo anachotsa sipanala. Anauza onse kuti asendere kutali. Kenako anapisa dzanja m'thumba. Kiyi munalibe. Anapisa thumba lina. Munalibe. Amalume anagwadanso pansi pa galimoto. Anati mwina yagwera komwe kunagwera wilo lija.

Kapensulo anatulutsa kiyi m'thumba la diresi.

"Munandipatsa kuti ndisunge, Abambo."

Abambo anaseka. Analiza galimoto. Onse anatchera khutu. Panalibe kwiii. Injini inangoti hmmm. Galu wa aneba sanadzuke n'komwe.

Anasamba m'manja ndi sopo. Amalume anasamba ndi mphuno yomwe. Kapensulo anavala nsapato ija. Onse ananyamuka.

Anafika thuu koloko itadutsa pang'ono. Amayi anali pa benchi, pafupi ndi khomo. Anali atafungata kamtolo ka bulangeti.

Kapensulo anayandikira mwakachetechete. Amayi anatsegula bulangeti. Munali kankhope. Munali timaso totsinzina. Tinali ngati tomwe anajambula tija. Kapensulo anakondwa kwambiri. 

M'galimoto anakhala pafupi ndi Amayi. Anatulutsa pepala lija. Linali lokwinyika. Linali ndi zidindo zakuda paliponse. Kapensulo anazyolika.

"Inali mphatso yake," anatero. "Koma yada."

Amayi anafunsa chomwe chinachitika. Abambo anafotokoza zonse. Sanabise za foni. Sanabise za mpeni. Amalume anangoyang'ana pawindo. Amayi anaseka pang'onopang'ono, kuopa kudzutsa mwana.

Kenako Amayi anayang'ana chithunzi nthawi yaitali.

"Usafufute chidindo ngakhale chimodzi," anatero. "Pepala ili ndi lomwe labwera kudzatitenga."

Galimoto inayenda bwino. Sinalire. Mwana anagona njira yonse.

Atafika kunyumba, Abambo anatenga chithunzi. Anayang'ana poti achipachike. Kuseri kwa chitseko kunali msomali uja. Tsopano unalibe lamba. Anauzula. Anaukhoma pamwamba pa bedi la mwana. Anaukhoma tsiku lomwelo, osati mawa. Anapachikapo chithunzi chija.

Kapensulo anagwada pafupi ndi bedi. Anapereka chala. Mng'ono wake anachigwira nga.

"Kawilo," ananong'ona Kapensulo. "Ukakula pang'ono, ndidzakubereka kumsana."

Kuyambira tsiku limenelo, mwanayo dzina lake ndi Kawilo. Amalume amati ndi iwo anamutcha.