Mawu Amene Anachoka M'kamwa mwa Maness

Hopeson ankafotokopa mapepala m'kashopu ka munthu wina pa Songani, ndipo malipiro ake ankatha mwezi usanafike pakati. Ndakatulo zake zinadzaza makope asanu, koma okonza mabuku ankangozibweza. Tsiku lina mphunzitsi anabwera kudzafotokopetsa buku la ndakatulo za alembi osiyanasiyana. Hopeson anapezamo dzina la Horace, mnzake amene ankaonera mayeso kwa Hopesonyo ku pulayimale. Nsanje inamugwira.

Loweruka masana anapalasa njinga kupita kwa a Makaiko, sing'anga wa kuseri kwa minda ya mpunga.

"Mukufuna dzina m'buku, chuma chibwere pambuyo," anatero a Makaiko asanapereke n'komwe moni. "Koma mawu sagwa ngati mvula, achimwene. Amachoka kwa munthu. Tengani cholembera ichi. Mukalemba, muziwerengera munthu wokukondani. Mawu a m'ndakatuloyo adzachoka m'kamwa mwake."

"Adzabwerera liti?"

"Ndani wanena zobwerera?"

Hopeson anaseka. Mkazi wake Maness anali wolongolola, akayamba kuyankhula ngakhale wailesi inkagonja. Timawu makumi anayi akanatisowa munthu wotero?

Ndakatulo yoyamba imene analemba ndi cholemberacho inali ya mtsinje wa Domasi, ndipo anamuwerengera Maness. Inalowa m'buku, inapata mphoto, nyumba n'kufoleredwa malata. Koma m'mawa wina Maness anaima pakhomo ndi chidebe.

"Bambo a Tione, zija timatunga kumjigozi, dzina lake n'chiyani?"

"Madzi," anayankha Hopeson akuyang'ana kumbali.

Maness anayesa kutchula, koma kunangotuluka mpweya.

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Koma okonza buku lachiwiri anapempha ndakatulo yonena za ana, ndipo Hopeson anali atalawa kale kukoma koomberedwa m'manja. Analemba za mwana wawo wa zaka zinayi: "Tione, bwerera, usathamange." Anamuwerengera Maness, ndipo mayiyo anamwetulira n'kunena kuti ndi yokoma.

Mu Febuluwale mtsinje unadzaza. Maness akupalira mpunga, anaona Tione chapatali akuthamangitsa gulugufe kulowera kumtsinje. Anatsegula pakamwa. Dzina la mwana munalibe. "Bwerera" munalibe. "Madzi" munalibe. Anathamanga m'matope akukuwa mosamveka, manja m'mwamba. Mwanayo anacheuka, nayesa amake akusewera naye, ndipo anawonjezera liwiro akuseka.

Anamupeza patapita masiku atatu, m'mabango.

Maness anabwerera kwawo. Chomvetsa chisoni n'chakuti pa maliro analira mwana wake osatha kumutchula dzina. Hopeson mudzamupeza pa siteji ya minibasi pa Songani, nsanza zokhazokha, akung'amba masamba a buku lija n'kumapatsa aliyense wotsika.

"Chonde, mukawapatse amake a Tione," amatero. "Ndi mawu awo."

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chuma ndi kutchuka kwa m'zitsamba sizidya mwini dyera yekha ayi, zimayamba ndi amene amamukonda.