Tsiku Limene Zomba Inalira a Namakhwa

M'chaka cha 2094, mu holo ya oimba ku Zomba, munali makina otchedwa Mtchuni. Timikono take tachitsulo tinkayenda pa vayolini aliyense ngati kangaude, apa kumanga nsambo, apa kumasula, oimba ali mkati moimba. Ankamvetsera gulu lonse la anthu makumi asanu, n'kubweza mawu awo m'masipika atawapinda. Piyano ili ndi mabatani oyera ndi akuda, koma Mtchuni ankasaka mawu obisala m'ming'alu ya pakati pa mabataniwo.

Mwini wake anali a Filimoni Namakhwa, opeka nyimbo, amene kumakonsati awo kunkabwera mipando yokha. Akuluakulu a holo anali atanena kale kuti Loweruka kukapanda kudzaza, gululo litha, aliyense akalime kwawo.

Koma a Namakhwa anali ndi chinsinsi chawo. Kwa zaka zitatu ankapita pamaliro paliponse, a wachibale kaya a munthu wosamudziwa, n'kukhala kuseri kwa siwa, nkhope ili khuma, foni m'thumba ikujambula kulira kwa amayi. Zonsezo anammwetsa Mtchuni, n'kupekapo nyimbo yatsopano ya Lowerukalo.

Mlongo wawo Esimi, woimba vayolini kutsogolo, anayesa nyimboyo kamodzi n'kuika kauta pansi.

"Achimwene, izi mwazitola kuti? Thupi lonse lachita tsembwe."

"Ndi sayansi, chemwali. Mawu ndachotsamo, kwatsala kamvekedwe kokha."

"Inu, mzimayi salira mphepo. Amalira munthu, ndipo munthuyo amakhala ndi dzina."

"Iwe imba. Ntchitoyi ndinayamba uli kumbuyo kwa amayi."

Loweruka masana anayamba ndi omvera asanu ndi awiri. Mtchuni anamasula nsambo pang'onopang'ono, malipenga anatsetsereka, ndipo phokoso lozizira linatulukira m'mawindo n'kutsikira kumsika. Ogulitsa tomato anasiya tomato. Minibasi zouluka zinatera pakati pa msewu. Anthu anabwera mwakachetechete, abambo zipewa m'manja, amayi akumanga zitenje. Mipando anaikana. Amayi anakhala pansi mkati, abambo panja m'mithunzi.

A Namakhwa ankagwedeza kandodo kawo mano onse ali pamtunda. Holo yadzaza!

Kenaka agogo ena ananong'oneza mnzawo: "Kodi watisiya ndani?"

Mtchuni anamva, poti iye sataya kanthu. Pamaliro mazana atatu anali ataphunzira kuti funso limeneli silikhala lopanda yankho. Anafufuza m'mutu mwake, ndipo dzina limene anapezamo linali limodzi lokha, la mwini wake. M'masipika munatuluka liwu la mzimayi amene sanabadwepo:

"A Namakhwa ineee! Mwatisiya ndi yani?"

Holo yonse inabuma.

"Ndili pano! Anthuni, si ine ndaima apa?" anakuwa a Namakhwa, n'kuthamanga kukazula waya kukhoma. Makina anazima, koma kulira sikunazime. A Namakhwa anagwira Esimi paphewa. Esimi anatembenuka, misozi ili mbwembwembwe, maso ake n'kudutsa mwa iwo ngati akuyang'ana pawindo.

Gululo silinathe. Chaka chilichonse limaimba nyimboyo pokumbukira malemu, ndipo malo sapezeka. A Namakhwa alipo ndithu, amadya, amatsokomola. Amayenda m'tauni kupereka moni, koma palibe amayankha. Kunyumba zovala zawo anagawana kalekale.

Makutu a anthu atamva kuti munthuyo wapita, maso awo sanafune kuchita nawo makani.