Pepala Loyeserera

Madzulo amenewo Atelala anali pakhonde akusita yunifolomu ya mwana wawo ndi simbi yamakala. Anali mayi wamasiye wa mwana mmodzi, mtsikana wa chaka chomaliza ku sekondale, amene anzake ankamutchula kuti Kamutu chifukwa ankati m'kamutu kakeko munalowa mabuku onse a pasukulu. Dzuwa litangolowa, mphepo inabweretsa fungo la inki, ngati wina wagubuduza botolo lathunthu. Kuseri kwa mpanda kunamveka mapepala akutembenuzidwa, limodzilimodzi, mosapupuluma. Atelala anaika simbi pansi n'kukasuzumira. Kunalibe munthu. Nkhuku zimene zinali zitalowa kale m'khola zinatulukanso n'kuima pabwalo zili duu.

Phokosolo aliyense m'mudzimo ankalidziwa, ngakhale kuti palibe ankalitchula mokweza. Chaka ndi chaka bungwe lina lakutauni linkasankha mwana mmodzi pasekondalepo kuti likamulipirire ku koleji. Zaka ziwiri m'mbuyomo linasankha mnyamata wa akalipentala. Mnyamatayo anayamba kuiwala zilembo, kenako dzina lake, ndipo anamwalira achipatala asanapeze matenda. Chaka chotsatira linasankha mtsikana wa mayi wogulitsa tomato, ndipo zinayenda chimodzimodzi. Osambitsa maliro ananong'ona kuti onse awiri nsonga za zala zawo zinali zitada bii.

M'mawa mwake kusukulu kunali msonkhano wa makolo. Aphunzitsi aakulu anafotokoza kuti mwana amalandira setifiketi akakhoza maphunziro asanu ndi limodzi, ndipo kuti wofuna yunivesite ayenera kuwakhoza ndi mamalikisi apamwamba. Anatchulanso koleji ya uphunzitsi, ya unamwino, ndi sukulu za ntchito zamanja monga zamagetsi ndi umakaniko, n'kupempha makolo kuti asamazinyoze. Pomaliza anatsokomola kawiri, n'kulengeza mosayang'ana munthu kuti chaka chino bungwe lasankha mwana wa Atelala, bola akhoze mayeso omaliza.

Palibe anawomba m'manja. Amayi awiri amene anali pa benchi limodzi ndi Atelala anakumbukira mwadzidzidzi kuti akhala padzuwa, n'kusamukira kwina, ngakhale kuti msonkhanowo unali m'kalasi. Amene anadzuka kumbuyo n'kudzakhala pambali pawo anali akazi a akalipentala. Anangochotsa kaulusi kamene kanamatirira paphewa la Atelala, n'kukhala nawo mpaka msonkhano unatha.

Potuluka bambo wina wanthabwala anauza Atelala kuti ayambiretu kusoka gauni ya tsiku lomaliza maphunziro. Mnzake anawonjeza kuti asaiwale kusunga ndi nsalu yoyera. Amene anayamba kuseka analekera panjira.

Kunyumba Atelala anayesa kumunyengerera mwanayo kuti akane. Anamuuza kuti makina osokera alipo, makasitomala alipo, ndipo munthu safa ndi njala ali ndi singano.

“Amayi, ine singano imandibaya ngakhale ndikungoiyang'ana,” anatero Kamutu. “Ndikufuna unamwino.”

“Ndiye ku unamwinoko anakuuza kuti kulibe singano?”

“Kumeneko obayidwa ndi ena.”

Anaseka onse awiri.

Fomu ya bungwelo inkafuna zithunzi ziwiri, kalata yolembedwa ndi mwanayo yofotokoza zimene akufuna kudzakhala, ndi siginecha ya kholo. Atelala sankadziwa kulemba, choncho anapita kumene aliyense m'mudzimo ankapita ndi mafomu, kwa Alembi. Awa anali mkulu wopuma pantchito ya ku positi, wokhala yekha m'nyumba yomalizira cha kumsewu. Ankathandiza aliyense mwaulere, ndipo anali ndi lamulo limodzi lokha: fomu ndi imodzi, ukailakwitsa palibe ina, choncho mwana ayambe walemba zonse papepala loyeserera, ndi dzina lake lonse pansi pake. Kamutu analemba, Alembi anakonza mawu awiri, mtsikanayo n'kukopera pafomu. Kenako mkuluyo anagwira chala chachikulu cha Atelala, anachidinda pa inki ndi papepala, n'kuchipukuta bwinobwino ndi kampango kake. Atelala anagwidwa ndi manyazi okoma. Chimwalirireni amuna awo, palibe anali atawagwirapo dzanja mosamala chotero. Pepala loyeserera linatsala patebulo, ndipo palibe analiganizira.

Patatha masiku atatu Kamutu anafunsa amayi ake ngati akumva fungo la inki m'madzi akumwa. Tsiku lachisanu anakhala ndi cholembera m'manja kwa nthawi yaitali, n'kufunsa kuti chilembo choyamba cha dzina lake chimayang'ana mbali iti. Sabata yachiwiri anasiya kupita kusukulu. Masana ankangogona, koma dzuwa likamalowa ankadzuka n'kukhala tsonga pamphasa, maso ali gwa kukhoma, chala chikuyenda m'malere ngati akutsatira mizere. Mayeso anali atatsala milungu iwiri. Kuchipatala anawapatsa mapiritsi owonjezera magazi.

Makasitomala anasiya kubwera. Ena ankatuma uthenga kuti nsalu zawo zibwezedwe zosasoka. Kuchitsime Atelala akafika, nkhani zinkatha. Mphekesera zinkaloza aphunzitsi aakulu, zina mlonda wa pasukulu, zina Atelala enieniwo, ati akufuna kulemera ndi mutu wa mwana wawo. M'mawa wina Atelala anapeza tomato asanu pakhomo, popanda wowauza amene wawasiya.

Akazi a akalipentala anabwera tsiku lina masana ndi diresi yong'ambika m'khwapa, imene aliyense akanatha kuisoka yekha. Anakhala pampando n'kumayang'ana zala za Kamutu, zimene nsonga zake zinali zitayamba kuda. Kenako anayamba kukamba za mwana wawo. Anati chimene chinkawapweteka kwambiri n'chakuti analibe kanthu kalikonse kolembedwa ndi dzanja lake, chifukwa atamwalira makope ake onse anapezeka oyera ngati ongogula kumene. Anati anakapempha ngakhale kapepala koyeserera kaja kwa Alembi, koma anawayankha kuti kanatayika.

Phazi la Atelala linaima pa makina.

“Wanunso analemba loyeserera?” anafunsa Atelala.

“Analemba. Ndi wa mayi wa tomato yemwe.”

Anayang'anana. Atelala anawapempha kuti apitire limodzi kwa Alembi, koma mayiyo anagwira chitseko n'kunena kuti miyendo yawo singafike kumeneko. Anati adzakhala ndi mwanayo mpaka iwo atabwerako.

Atelala anafika kwa Alembi kukuchita kachisisira. Fungo la inki linawalandira ali pamsewu. Chitseko chinali chotsekula, ndipo odi wawo sanayankhidwe. Anadutsa pabalaza pamene anadinda chala paja, n'kutsatira phokoso la mapepala mpaka kuchipinda chakumbuyo. Munali tebulo lalitali ndi mipando itatu. Patsogolo pa mpando uliwonse panali pepala lopsinjidwa ndi mwala, ndi buku lotsekula limene masamba ake ankatembenuka okha. Maso atazolowera mdimawo, anaona kuti mipandoyo sinali yopanda anthu. Pa iwiri panali mnyamata ndi mtsikana, otuwa ngati utsi, mitu ili chowerama. Pa wachitatu panali chithunzithunzi chabe, chosaoneka bwino, koma mapewawo Atelala anawadziwa, pakuti ankawayeza ndi tepi chaka chilichonse.

Alembi anali pakona pa mpando wawo wandalema. Sanadzidzimuke. Anawalonjera mwaulemu ngati masiku onse, n'kuwauza kuti nawonso anali ndi mwana mmodzi, amene anapita kusukulu ndi thandizo longa lomweli zaka makumi atatu zapitazo. Mwanayo analemba makalata awiri, basi. Iwo ankagwira ntchito ku positi, makalata a mudzi wonse ankadutsa m'manja mwawo, ndipo m'mawa uliwonse ankafunafuna kalata ya dzanja la mwana wawo m'thumba lonselo.

“Awa sachoka,” anatero Alembi motsitsa mawu. “Amandiwerengera madzulo. Wanuyo akakwera basi mwamutaya, mayi. Pano mungamabwere kudzamuona.”

“Ndi mwana wanga,” anatero Atelala.

Anayenda mpaka patebulopo. Mnyamata wotuwayo anatukula mutu n'kuwayang'ana. Iwo anakankha mwala wachitatu n'kusolola pepalalo. Linali lofunda ngati khungu la munthu. Mpando wachitatu unatsala wopanda kanthu.

Alembi sanadzuke kuti awaletse.

“Si ntchito yovuta,” anatero kumbuyo kwawo. “Kulipsinja ndi chinthu cholemera, n'kuitana dzina dzuwa likamalowa. Mulisunge bwino. Mudzalifuna.”

Atelala atafika kunyumba anapeza Kamutu akulira pamiyendo pa akazi a akalipentala, akufunsa kuti lero ndi lachingati. Kutacha, anthu anapeza nyumba ya Alembi ili pululu, zitseko zili yasa, patebulo pali timilu tiwiri taphulusa pansi pa miyala. Palibe anawaona akuchoka. Pofika masana mudzi wonse unkati unkadziwa kalekale, ndipo makasitomala anabweranso ndi nsalu zawo ngati panalibe chimene chinachitika. Ofunsa za pepala lija, Atelala ankawayankha kuti analitentha.

Kamutu analemba mayeso ndipo anakhoza. Tsiku lonyamuka kupita ku koleji ya unamwino amayi ake anamuperekeza ku basi atasenza chikwama, ndipo anaimabe pamsewupo fumbi litatha kale. Miyezi yoyamba mtsikanayo ankaimba pa foni ya oyandikana nawo Loweruka lililonse. Kenako anayamba kudumphitsa. Ankati ntchito ya kuwodi ya odwala ndi yambiri, ndipo sankanama. Patchuthi choyamba anabwera masiku anayi. Pa chachiwiri anatumiza uthenga wopepesa.

Pepala lija lili m'kabati kakang'ono ka makina osokera, pansi pa mabatani. Madzulo ena, akamaliza kudya okha, Atelala amalitulutsa n'kuliyala patebulo, kuliwongola ndi chikhatho. Satha kuwerenga chilembo ngakhale chimodzi, koma likadali lofunda. Dzina la mwana wawo limafika pamilomo, iwo n'kulimeza, kenako amapinda pepalalo n'kulibwezera.

Dzulo linakhala patebulopo nthawi yaitali kuposa dzana.