Makalata Atatu a ku Joni

Tiyamike ndi Gerevazio anakumana m'minibasi pa siteji ya Dedza boma, m'mawa wina wachifunga mu 1996.

"Pepani achimwene, tisinthane malo," anatero Tiyamike. "Sindiloledwa kukhala pafupi ndi sipika."

Gerevazio anasuntha akuseka. "Nyimbo mumadana nazo?"

Mtsikanayo analoza pansi pa phewa lake lakumanzere. Anafotokoza kuti anabadwa ndi mtima wobooka, ndipo masisitere anamutumiza ku Joni kumene madokotala anamuika kamakina pansi pa khungu. Mtima ukayamba kugunda mosokonekera, kamakinako kamaumenya ndi magetsi kuti ubwerere m'malo mwake. Maginito a m'sipika akanatha kukasokoneza.

Anapezeka kuti onse amapita kusukulu imodzi kufupi ndi Kasina. Tiyamike anali mphunzitsi watsopano, Gerevazio kalaliki amene ankatenganso makalata a sukulu kupositi. Chaka chisanathe anali atagwa m'chikondi.

Tsiku lina akuyenda m'mapaini, kamakina kanamenya. Tiyamike anakuwa n'kugwa pansi! Atatsitsimuka anapeza Gerevazio atamufungatira, misozi ili mbwembwembwe.

"Duwa langa, usadzandisiye," anatero mnyamatayo. "Ndidzakusamala mpaka imfa."

Ndani sakanakhulupirira mawu otere? Mu 1999 anachita chinkhoswe.

Patangotha milungu iwiri, Sisitere Elena, mmodzi wa masisitere aja, anabwera kusukulu ali wefuwefu.

"Mwanawe, madokotala aimba foni kuchokera ku Joni. Akuti akulembera katatu koma suyankha. Batire la kamakina kako lili pafupi kutha!"

Katatu? Tiyamike anali asanalandirepo kalata ngakhale imodzi. Analunjika ku ofesi ya Gerevazio.

"Gere, makalata anga ali kuti?"

Gerevazio sanakane. Anatsegula dirowa ya pansi n'kutulutsa maenvulopu atatu otsegula kale. Tiyamike anawawerenga. Madokotala ankamuitana kuti akasinthe kamakinako mwezi wa Juni usanathe, ndipo ankamulangiza kuti azikhala kufupi ndi chipatala chawo chifukwa mtima wake ukufooka. Tsopano unali Ogasiti.

"Ndinkafuna ndikupatse ukwati ukachitika," anatero Gerevazio atagwada. "Ndinaopa kuti ukapita sudzabweranso. Ndingakhale bwanji popanda iwe, wokondedwa?"

"Miyezi yonseyi mumandiona ndikukwera chitunda cha kusukulu, mukudziwa kuti ndikagwa mwina sindidzukanso?"

"Ndi chikondi, Tiya! Ndikulumbira!"

"Munasankha kuti ndifere pafupi nanu kusiyana n'kuti ndikhale ndi moyo kutali nanu."

Anavula mphete, n'kuiika patebulo mwakachetechete, n'kutuluka. Lachisanu lomwelo ananyamuka ndi Sisitere Elena. Gerevazio anaima patali pa siteji, osalimba mtima kuyandikira.

Sisitere anabwerako yekha, koma sanafune kulankhula ndi Gerevazio. Kodi opaleshoni inatheka? Kodi mtima uja unapirira? Gerevazio anaonda ndi maganizo.

Mu Disembala, mvula ikugwa, anapeza kupositi envulopu ya sitampa ya ku Joni. Zilembo zake anazizindikira nthawi yomweyo. Tiyamike anali moyo!

Koma dzina linali pamwambapo silinali lake. Linali la Sisitere Elena.

Anaibisa m'jekete kuti isanyowe, n'kukaipereka yosatsegula. Anadikira pakhonde mpaka sisitere anamaliza kuwerenga.

"Wandiperekako moni, amayi?" anafunsa motsitsa mawu.

Sisitere anapinda kalatayo pang'onopang'ono.

"Ayi, mwana wanga. Sanakutchule."