Mayi amene anatsikira pa S127

Ndimayendetsa minibasi ya kampani yoyeretsa m'maofesi kuno ku Dubai. Dzina langa ndi Rodrick, kwathu ndi ku Lizulu. Nditangofika, Mpakistani amene ankandiphunzitsa ntchito anati ndisavutike ndi mayina a misewu, ndiloweze manambala. Misewu ya E ndi ikuluikulu, yopita mpaka kumizinda ina, ndipo chikwangwani chake chili ndi kabawi. Ya D ndi ya mu Dubai momwemo. Ndinailoweza yonse, koma palibe umene ndinaukonda.

Tsiku lina mu Disembala, dzuwa litangolowa, ndinatsitsa anthu a shifiti ya madzulo ku Business Bay. Ndinalowa mu E44, kenako E611, kubwerera kokagona. Kunja kunali fumbi, magetsi a m'msewu akuoneka ofiirira.

Ndiye ndinamva munthu akutsokomola kumbuyo.

Ndinayang'ana pagalasi. Pampando womalizira panali mayi, atavala duku ndi juzi yakuda, kachikwama kali pamiyendo. Ndinaganiza kuti ndi watsopano pantchito, wagona n'kupitirira potsikira.

"Achimwene, tadutsa pa Linthipe?" anafunsa.

Chichewa chake chinali cha kwathu kwenikweni. Ndinaseka.

"Mayi, ino ndi E611."

"Ayi, ndi M1 iyi. Bambo anga ankagwira ntchito ya misewu, ankapenta timiyala ta makilomita. Ndikuudziwa. Mukanditsitse pa Masasa, pamene S127 imapatukira ku Golomoti."

Ndinkafuna kuwafunsa dzina, koma iwo anapitiriza kulankhula. Anatchula chimanga chootcha cha pa Chimbiya. Anatchula nkhungu ya ku Dedza, ndi amayi ogulitsa kachewere m'mabeseni. Ine ndinali nditatha zaka zisanu ndi chimodzi osapita kumudzi. Ndinapezeka ndikuwayankha.

"Nanga tomato wa pa Bembeke?"

"Eee! Ndi mapichesi, nthawi yake ndi ino."

Tinaseka tonse. M'galimoto munayamba kuzizira. Ndinazimitsa AC, koma kuzizira sikunathe. Kenako kunabwera fungo la dothi lonyowa ndi mvula yoyamba, losakanikirana ndi utsi wa nkhuni za bulugamu. Maso anga anadzaza misozi. Mantha ndinalibe, ndisaname. Ndinkangomva ngati ndatsala pang'ono kufika.

Malole amene ndinkayenda nawo sankaonekanso. Foni imene imandilozera njira inangoti zii. Msewu unkaoneka wopapatiza, wa mizere iwiri basi.

Kutsogolo kunatulukira chikwangwani chakale, chadzimbiri, chopendekeka. Panalibe kabawi, panalibe Chiarabu. Panalembedwa S127, ndi muvi.

"Ndi pamenepa," anatero mayiwo.

Ndinayatsa indiketa. Ndinayamba kukhota.

"Ayi, achimwene, imani!" Mawuwo anamveka pakhutu panga penipeni. "Inu kwanu ndi kutsogolo. Lero si tsiku lanu. Imani!"

Ndinaponda buleki mwamphamvu. Galimoto inagwedezeka n'kuzima.

Lole inadutsa ikuliza hutala. Nditakweza mutu, ndinaona kuti ndaima kunja kwa msewu. Matayala akutsogolo anali atatitimira mumchenga, ndipo pafupi pomwepo panali chidzenje chachikulu chimene anthu omanga anakumba. Mphambano panalibe. Chikwangwani panalibe.

Ndinatembenuka. Mipando yonse inali yopanda munthu. Chitseko chinali chokhoma monga ndinachikhomera.

Ndinakhala pamenepo mpaka wapolisi anabwera kudzandifunsa ngati ndili bwino. Ndinati ndinasinza. M'mawa ndinafunsa abwana ngati alemba Mmalawi watsopano. Anati ayi.

Lamlungu ndinapita kumapemphero athu a Amalawi, m'kachipinda kena ku Deira. Titamaliza, ndinafotokozera Overton, mlonda wa pahotela amene ndimagona naye chipinda chimodzi. Sindinadziwe kuti amayi ena akumvetsera. Kenako anayamba kunong'onezana, ndipo mmodzi anakaitana Emmie, amene amalera ana ku Al Muraqqabat.

Emmie anandifunsa za duku, za juzi, za chifuwa. Ndinayankha zonse. Iye anakhala pansi.

"Amenewo ndi a Rosta," anatero. "Kwathu n'kumodzi, ku Mganja, pamsewu wa ku Golomoti. Agwira ntchito m'nyumba za eni kuno zaka khumi ndi ziwiri. Anamwalira mu Okutobala. Thupi linakhala kumotchale miyezi iwiri kudikira mapepala. Linanyamuka pandege Lachiwiri madzulo, kupita kumudzi."

Lachiwiri ndi tsiku lomwe ndinaona mayi uja m'galimoto.

Mayi wina anati mzimu suyenda pandege, umafuna msewu. Wina anamuuza kuti asiye zimenezo, tili m'nyumba yopemphereramo. Emmie sanawamvere. Ankangondiyang'ana ine.

"Ndiye munawafikitsa, achimwene?"

"Ndinawasiya pa Masasa," ndinatero.

Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje, n'kugwedeza mutu.

"Basi, afika. Kuchokera pamenepo n'kotsetsereka kokhakokha."