Malo Amene Yasini Anawina

Tinkasewera njuga kuseri kwa shedi ya Raston, wogula usipa pa Dwambazi. Mwera unali utawomba masiku atatu, maboti ali pamtunda.

Wondimvetsa chisoni anali Yasini. Bwana wake anali atagulitsa boti, ntchito n'kuthera pomwepo, Keti mkazi wake ali woyembekezera. Njuganso sankaidziwa. Makhadi akamukomera ankamwetulira ngati mkwati.

Cha m'ma teni koloko usiku kunabwera mlendo. Anapereka moni, n'kukhala. Malaya ake ankadontha madzi, chonsecho kunja kulibe mvula.

Tinagawa makhadi. Mlendo anaponya ndalama yonyowa. Yasini anawonjezera. Mlendo anawonjezeranso. Ife tinaona kuti zakula, tinagonja. Yasini, mano onse pamtunda, anaikapo foni.

Mlendo anapisa m'thumba. Munatuluka mchenga wokhawokha.

"Ndiikapo malo anga m'boti," anatero. "Ndine siginala, wa nyali zoitanira usipa. Mukawina, ntchitoyo ndi yanu."

Raston anamuponda Yasini phazi kuti asiye. Koma munthu wosowa ntchito ungamuuze chiyani? Anavomera osafunsa n'komwe kuti botilo n'la yani. Anatsegula makhadi. Yasini anawina.

Mlendo sanadandaule. Anapuma ngati watula mtolo, n'kumugwira chanza.

"Zikomo achimwene. Ndinatopa nako kuzizira."

Pochoka sanalowere kumsewu. Analowera kumadzi.

M'mawa kunamveka mfuu kugombe. Mafunde anali atalavula mtembo, malaya ake omwe aja. Anthu anati ndi siginala wa boti limene linamira ndi mwera Lolemba. Anzake asanu ndi awiri sanapezeke mpaka lero. Anthu amanong'ona kuti anzakewo akusodzabe, ndipo boti silipita kunyanja lopanda wa nyali.

Yasini anataya zonse zimene anawina, n'kuthawira kwawo kwa Keti ku Malengachanzi, kukalima mpunga. Sizinathandize. Mwezi ukalowa mumdima, nthawi ya usipa, pakhomo pamamveka kugogoda.

"Asiginala, tikuchedwa."

Tsiku lina Keti anamupeza pakhonde m'bandakucha, nyali ili m'manja, miyendo yonyowa mpaka m'mawondo. Iye sankakumbuka kanthu.

Masiku ano pogona Keti amamanga mwendo wa mwamuna wake kumwendo wake ndi chitenje. Anandiuza kuti masiku ena usiku chitenjecho chimakoka, ndipo iye amakokanso.