Makapisozi a Levy

Tiza anaweramitsa mutu pamene amayi ake anakweza botolo pamaso pa mpingo wonse. Linali Lamulungu, katchalitchi kawo kamalata ka ku Kalingalinga katadzaza mpaka pakhomo.

"Abale, onani!" anatero amake Tiza. "Mwana wanga Levy ali na zaka zinayi, sanakambepo olo kamozi. Manje wamwa aya mafuta ya nsomba mwezi umozi chabe, pa Chisanu anakamba ati 'manzi'! Na matu yanga ninamvela!"

Mpingo unachita kuphulika. Nthungululu, m'manja, woimba kiyibodi naye osafuna kutsalira. Levy, mwini nkhani, anali pamiyendo pa mlongo wake akuseweretsa batani la diresi.

Tiza yekha ndiye sanaombe m'manja. Akanaomba bwanji, chikhalirecho ankadziwa kuti Levy sanamezepo kapisozi ngakhale mmodzi?

Botololo linachokera ku Kabulonga, kwa madamu amene amake Tiza ankawagwirira ntchito ya m'nyumba. Madamuwo anati makapisozi a mafuta a nsomba amathandiza ubongo wa mwana, ndipo anapereka ndi mtima wabwino. Koma amake Tiza ankanyamuka kusanache, choncho ntchito yomwetsa inagwera Tiza, mtsikana wa giledi 8 amene ankalowa m'kalasi masana.

Tsiku loyamba Levy analavula. Tsiku lachiwiri Tiza anaboola kapisozi ndi pini n'kufinyira m'phala. Mayo ine, fungo lake! Levy anakankha mbale, ndipo kwa masiku awiri anakana phala lililonse, ngakhale lothira shuga wambiri. Mwanayo anali woonda kale, nthiti zowerengeka. Tiza anachita mantha. Kuuza amayi anaopanso, poti iwo anali atalikulunga botololo m'kansalu koyera ngati Baibulo. Tsiku lachinayi anafinyira mafutawo pansi kuseri kwa nyumba, mphaka wa alandilodi n'kubwera kudzanyambita. Basi, chizolowezi chinayambira pomwepo. M'mawa uliwonse kapisozi mmodzi ankachoka m'botolo, Levy ankadya phala lake mwamtendere, ndipo mphaka uja ananenepa, ubweya uli phuliphuli, kumalondola Tiza paliponse ngati anakulira limodzi.

Nanga "manzi" uja anachokera kuti? Pamzere wa madzi. Mzere wa pakiyosiki ndi wotopetsa, ndiye Tiza ankanjuta, kumugwira Levy chibwano kuti amuyang'ane pakamwa, kuika kadzanja kake pakhosi pake, n'kumati, "Ma-nzi. Ma-nzi." Anachita zimenezi milungu yambiri, kungotayitsa nthawi. Sanaganizepo kuti masewerawo angadzathere kutsogolo kwa tchalitchi.

Atafika kunyumba, amake Tiza anavula nsapato akuimba. Kenako anatenga kadi yachikasu imene inkakhala kuseri kwa kalendala n'kuiponya pamwamba pa kabati.

"Pa Chinayi sitiyenda kuchipatala," anatero.

Kadiyo anailemba nesi wa kukiliniki miyezi inayi yapitayo, kuti Levy akayezedwe makutu kuchipatala chachikulu. Nesiyo ananenetsa kuti amene waphonya tsiku lake amabwerera kumchira kwa mzere, mwina mpaka chaka chamawa.

"Koma ba Mami, ba nasi banakamba ati..."

"Ba nasi banakamba mwana akalibe kukamba. Manje akamba. Tikafune chani kuja, kuimilila zuba yonse? Futi ba Madamu bali na balendo pa Chinayi. Nizabauza ati nizasebenza."

"Tingayende chabe bamuone."

"Iwe, ufuna kumuitanila matenda mufana wako? Fumapo, kasuke mbale."

Lolemba m'mawa Tiza anaganiza zosandutsa bodza lake kukhala choonadi. Anamupana Levy ndi miyendo, kumutsina mphuno, kumukankhira kapisozi m'kamwa. Mwanayo anatsamwa, maso ali tuzu, kenako anasanza phala lonse pa yunifolomu ya Tiza. Anathawira pansi pa tebulo, akumuyang'ana mlongo wake ngati mlendo. Tiza anakhala pansi n'kulira. Kunja mphaka anali kukanda chitseko, kufuna zake.

Lachiwiri kusukulu sanamve kalikonse. Aphunzitsi a sayansi anamufunsa funso kawiri, iye ali duu, anzake n'kumaseka. M'mutu mwake munali Lachinayi lokhalokha. Kukwapulidwa sankakuopa kwenikweni, poti chikoti amamva tsiku limodzi. Chimene chinkamudya chinali nkhope ya amayi ake m'tchalitchi muja. Kuyambira pamene abambo ake anachoka, akuti kwawo kulibe mbewu ya ana osalankhula, Tiza anali asanawaonepo amayi ake akuseka mpaka mano onse kuoneka. Tsono iyeyo ndiye akazimitse zimenezo? Koma akangotseka maso ankaona kadi yachikasu ikutola fumbi pakabati.

Lachitatu amake Tiza anaweruka dzuwa likadalipo. Anapeza amake Kunda, mayi wa nyumba yoyandikana nayo, akuwadikira pabwalo. Nawonso anali ndi mwana wochedwa kulankhula.

"Amake Tiza, nipaseniko tungono niyese pali wanga," anapempha amake Kunda. "Neo vamene ninamvela ku chechi sivinanigoneke."

"Mwandi tengani, osavutika na vipatala. Tiza, leta botolo!"

Tiza anabwera nalo. Amayi ake analikhutchumula kuti makapisozi atsike. Atangomva kulira kwa botolo, mphaka uja anatulukira kuseri ali liwiro, mchira uli m'mwamba, n'kuyamba kudzikhuza pamiyendo pa Tiza akulira mopanda manyazi.

"Uyu pusi nayeve afuna kukamba?" anaseka amake Kunda.

Amayi onse awiri anafa nalo phwete. Nkhani ikanathera pomwepo. Palibe amene anamuyang'ana Tiza, palibe amene anamufunsa kanthu. Iye anayang'ana makapisozi asanu achikasu m'dzanja la amake Kunda, anayang'ana Levy amene anakhala chapatali atafulatira, akundandalika zitsekerero za mabotolo m'fumbi.

"Ba Mami," anatero. "Levy sanamwepo."

"Ati bwanji?"

"Sanamwepo olo kamozi. Enze kulavula, enze kukana kudya. Yonse nenze kupasa pusi."

Amake Kunda anatsegula dzanja pang'onopang'ono, kuika makapisozi aja pampando, koma osachoka. Nkhani yotere munthu angaisiye pakati?

Mbama ya amayi ake inalira kuti phaa! Tiza anadzandira, khutu likulira.

"Mwezi wonse! Mwezi wonse uninamiza? Naimilila pamenso pa Mulungu na pa banthu, nakamba boza chifukwa cha iwe! Nizaiika kuti nkhope pa Sande?"

"Nimenyeni, ba Mami," anatero Tiza misozi ili chuchuchu. "Nimenyeni futi. Koma mailo pa Chinayi tiyende ku chipatala."

"Nanga anakamba bwanji? Ninamvela neka!"

"Nine ninamupunzisa pa mzere wa manzi. Amakopela pakamwa panga. Akaniyangana, achita vamene nakamba. Akafulatila, kulibe." Analoza Levy. "Muitaneni. Imililani kumbuyo kwake, mumuitane."

Mayiwo anamuyang'anitsitsa Tiza. Kenako anayenda n'kukaima kumbuyo kwa Levy, mapazi atatu okha.

"Levy."

Mwana anapitiriza kundandalika zitsekerero zake.

"Levy! Mwana wanga!"

Anakuwa mpaka nkhuku za alandilodi zinadzidzimuka. Levy anatola chitsekerero chofiira, kuchiyang'anitsitsa, n'kuchiika kumapeto kwa mzere.

Amake Tiza analowa m'nyumba mothamanga n'kutuluka ndi chivindikiro cha poto ndi supuni yaikulu. Anamenya pafupi ndi mutu wa mwanayo: ngwe! ngwe! ngwe! Mphaka anathawa, khanda la nyumba yachitatu linayamba kulira, ana a mumsewu anasuzumira pampanda. Levy sanaphethire n'komwe.

Supuni inagwa m'fumbi. Amake Tiza anakhala pansi pomwepo, ndi yunifolomu yawo ya kuntchito, miyendo atatambalala ngati pamaliro. Amake Kunda anabweza ana aja pampanda, kenako nawo anazemba mwakachetechete, dzanja lili pakamwa.

Tiza anayandikira mwamantha, akuyembekeza mbama yachiwiri. Koma amayi ake anamukoka mkono n'kumukhazika pambali pawo.

"Nenze kuziba," ananong'ona, osamuyang'ana. "Kuchokela ali kamwana, chiseko chikamenyeka enze sazizimuka. Nenze kuyopa kuti ba dokota bakakamba na pakamwa pao, ninshi chasila, chankala chazoona. Botolo yenze yapafupi."

"Kapena bangamutandize, ba Mami."

"Kapena."

Onse awiri anayang'ana kamsana ka Levy. Kenako mayiwo anapukuta nkhope ndi epuloni, anatulutsa foni m'thumba n'kuimba. Tiza ankamva mawu a madamu akutuluka mufonimo, poyamba okoma, kenako okwera. Alendo khumi, nyama yogula kale, ndani aphike, bwanji osanena Lolemba?

Amake Tiza, amene zaka zisanu ndi chimodzi anali asanawayankhepo madamuwo mawu ena kupatula "inde", anadikira mpaka mawuwo atatha.

"Namvela, ba Madamu. Pepani maningi. Koma mailo sinizabwela, nipeleka mwana ku chipatala." Anamvetseranso pang'ono. "Olo mupeze wina, ba Madamu. Sinizabwela."

Anadula foni. Anadzuka, kusasa fumbi, n'kutembenukira kwa Tiza amene tsaya lake linali litatupa.

"Kwela pa mupando uchose kadi pa kabati. Ukasiliza umuwashile shati ija ya buluu, iyume lelo. Na iwe uyenda, ndiwe uziba mwamene amamvelela."